Wopita ku Joni pa Msewu Adinditse Yekha Pasipoti Yake

Munthu wa ku Mgona mu Lilongwe akangotchula zoti akufuna kukaona anzake ku Johannesburg kapena ku Durban, alangizi amachuluka. Pamsika wa mtedza, pa siteji ya minibasi, ngakhale pakati pa madalaivala a mathiraki a ku Kanengo, sipalephera kupezeka wina wonena kuti akudziwa munthu wodutsitsa. Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi: pasipoti ikhale m'manja mwanu, ndipo pachipata chilichonse muime nokha pamzere mpaka muone chidindo chikugwa. Gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wotuluka m'Malawi ndi kubweramonso, koma mukangodutsa malire, chimene chimakuchitirani umboni kuti mwalowa mwalamulo ndi tsamba lodindidwalo.

Njira ya ambiri ochokera ku Lilongwe ndi ya pa Dedza. Mumalowa ku Mozambique pa Calomue, kutsika mapiri a Angonia, kuoloka Zambezi pa Tete, kutulukira pa Cuchamano ndi kulowa ku Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchoka apo ndi Harare, Masvingo, kenako Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Wopita kugombe la nyanja ya mchere amapitiriza kuchoka ku Johannesburg pa msewu wa N3 mpaka Durban. Mukawerenga bwino, zidindo zimakwana 6 musanafike ku Musina m'dziko la South Africa, chotulukira ndi cholowera pachipata chilichonse. Mmalawi wopita kukacheza safunika viza m'maiko atatuwa, ndipo South Africa imamulola kukhala mpaka masiku 30. Pasipoti iyenera kukhala ndi masamba osalembedwa, komanso ikhale yoti idzagwirabe ntchito masiku 30 kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke m'dzikolo. Musanachoke pa zenera la ofisala, werengani tsiku limene walemba, chifukwa akhoza kukupatsani masiku ochepera 30, ndipo lamulo limatsata cholembedwacho, osati zimene munamva m'basi.

Masikuwa ndiwo amagwetsa ambiri m'mavuto, poti kwa anzanu nthawi imathamanga. Kuyambira mu 2014, wopyola masiku ake ku South Africa salipiritsidwa chindapusa potuluka, koma amaletsedwa kulowanso. Wopyola ndi masiku osaposa 30 amatsekeredwa chaka chimodzi, wobwereza pasanathe zaka ziwiri amatsekeredwa zaka ziwiri, ndipo wopyola ndi masiku oposa 30 amatsekeredwa zaka zisanu. Ngati chinakuchedwetsani ndi matenda, sungani makalata a kuchipatala, chifukwa muli ndi ufulu wolembera a Home Affairs, unduna woona zam'dziko kumeneko, kuti aunikenso chiletsocho.

Ena adzati pasipoti ndi yodula ndipo imavuta kutuluka, pomwe transipota, munthu wodutsitsa uja, amangofuna ndalama yake basi. Dandauloli ndi loona. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, anthu nkumagona pamizere. Koma taganizani chimene mumapereka pozemba chipata. Wolowa mobisika akaberedwa katundu kapena akachitidwa nkhanza panjira amaopa kupita kupolisi, ndipo amene akumudutsitsayo amadziwa zimenezi. Mu Marichi 2020, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya thiraki m'chigawo cha Tete, galimotoyo ikuchokera ku Malawi. Msewu wake ndi womwewu umene mukufuna kuyendamo. Chimodzimodzi kutumiza pasipoti ndi munthu wina kuti "akagule masiku" inu muli phee ku Durban: chidindo chimene sichinalowe m'kompyuta ya pachipata chimasandutsa mlendo wabwinobwino kukhala wolakwira lamulo, ndipo mlandu umagwera mwini pasipoti, osati amene anaitenga.

Enanso amati ufulu ndi wa pa pepala chabe, wapolisi akakuimitsa amangofuna ya fanta. Ziphuphu zilipodi, ndipo zimawawa. Komabe wokhala ndi chidindo chenicheni ali ndi poimira. Lamulo la South Africa limalola wapolisi kapena ofisala woona zolowa ndi kutuluka kukufunsani makalata, choncho yendani nayo pasipoti ngakhale mukungopita kukaona nyanja. Mukagwidwa, muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene mukumva, wokhala chete, ndi wolankhula ndi loya. Mu 2017 khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula kuti wogwidwa kuti abwezedwe kwawo aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48, asamangotengedwa kupita ku Lindela, malo osungirako anthu obwezedwa kwawo ku Krugersdorp, popanda woweruza kumumva. Ngozi ikachitika, gawo 27 la malamulo aakulu a kumeneko limaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo chamwadzidzidzi, kaya ndi nzika kaya mlendo.

Pangano la ku Vienna la 1963 limakupatsaninso ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lanu iuzidwe kuti mwamangidwa. Malawi ili ndi maofesi otere ku Tete, Harare, Pretoria ndi Johannesburg. Musananyamuke, jambulani tsamba la chithunzi la pasipoti yanu, kope limodzi musiyire achibale ku Mgona, ndipo adiresi ndi nambala ya mnzanu amene mukukamuona muzilembe pa pepala, chifukwa pa Beitbridge akhoza kukufunsani kumene mukukafikira foni itathima.