Kodi ntchito amaiyeza bwanji?

Aliyense amene anathyolapo tiyi ku Thyolo amaidziwa sikelo. Nthawi yopimitsa ikakwana, othyola amatuluka m'mizere ndi madengu kumsana n'kukafola. Kapitawo amapisa dzanja m'masamba kuona ngati muli okhwima, poti ofunika ndi masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Kalaliki amapima n'kulemba makilo pa dzina la munthu. Maso a wothyola sachoka pa sikeloyo, chifukwa ufa, sopo ndi mchere wa kunyumba zili pomwepo.

Mayiko nawonso ali ndi masikelo oyezera ntchito za anthu awo. Manambala amene timamva pa wailesi amachokera kumeneko, ndipo amakamba za ife. Tiyeni tione mmene amawapezera.

Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse ndi ILO. Linakhazikitsidwa mu 1919 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Ilo limasonkhanitsa manambala ochokera m'mayiko. Kuno kwathu amene amawerenga ndi a ofesi ya kalembera, National Statistical Office, ku Zomba, ndipo mu 2013 anachita kafukufuku wa anthu apantchito. Sayenda khomo lililonse. Amasankha makomo angapo m'maboma onse, monga mayi amalawira ndiwo pa chipande osamaliza mphika wonse.

Funso lawo lalikulu ndi ili: "Kodi sabata yathayi munagwirapo ntchito yolipidwa kapena yopezerapo phindu, ngakhale ola limodzi?" Mukati inde, mwalembedwa kuti muli pa ntchito. Lova kwa iwo ndi munthu amene alibe ntchito, akuifunafuna, ndipo ndi wokonzeka kuyamba ikapezeka.

Taganizirani bwino za ola limodzilo. Mnyamata amene wanyamula matumba a kabichi pa msika wa Bvumbwe tsiku limodzi lokha amalowa mzere umodzi ndi dalaivala wa thirakitala wolandira mwezi ndi mwezi. Onse "ali pa ntchito". N'chifukwa chake m'mayiko osauka chiwerengero cha malova chimaoneka chochepa. Wosauka sangakhale pansi kudikira ntchito yabwino. Ana akalira njala, amathamangira ganyu aliyense. Nyengo nayo imasintha yankho. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphukira kwambiri ndipo maesiteti amalemba anthu ambiri. Chilimwe chikafika masamba amachepa, ambiri n'kubwerera kumudzi. Wofunsa mu Febuluwale ndi wofunsa mu Ogasiti sangamve zofanana.

Muyeso wina ndi wa zimene wantchito mmodzi amatulutsa. Masamu ake ndi ogawa. Anthu 10 akathyola makilo 400 pa tsiku, ndiye kuti aliyense watulutsa makilo 40. Dziko limachitanso chimodzimodzi: limaphatikiza mtengo wa zonse zimene lapanga pa chaka, zomwe amazitcha GDP, n'kugawa ndi chiwerengero cha apantchito kapena maola amene agwira.

Pamenepa anthu ambiri amasokera. Akamva kuti wantchito wa ku Malawi amatulutsa zochepa kusiyana ndi wa ku Germany, amati Amalawi ndi aulesi. Limenelo ndi bodza. Mayi wolowa m'munda mame asanaume, dengu lili kumsana tsiku lonse, mvula ikumuthera pathupi, si waulesi. Makilo ake amadalira zinthu zimene sizili m'manja mwake. Tiyi ndi mbewu ya zaka zambiri. Esiteti ya Satemwa ku Thyolo inayamba mu 1923, ndipo minda ina ya m'bomali ikadali ndi tiyi wobzalidwa nthawi ya atsamunda. Tiyi wakale sabereka ngati mitundu yatsopano imene akatswiri amapanga ku Mimosa, ku Mulanje. Munda wothiridwa madzi ndi feteleza umapatsa masamba ambiri kuposa wongodalira mvula, koma manja othyola ndi omwewo. Komanso pamafunika makilo anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti pafakitale patuluke kilo imodzi ya tiyi wouma, ndipo mtengo wake umakapangidwa ku okushoni ya ku Limbe ndi kwa ogula akunja. Mtengo ukatsika kumeneko, mabuku amaonetsa ngati wantchito watulutsa zochepa, chikhalirecho thukuta lake silinachepe.

Tsopano tifike pa sikelo yolemera kwambiri, ya umphawi pakati pa anthu amene ali pa ntchito. Banki ya Dziko Lonse imaika mzere wa umphawi wadzaoneni. Mu 2022 mzerewo unali madola 2.15 pa munthu mmodzi pa tsiku, ndipo mu 2025 anaukweza kufika pa madola 3. Dola imeneyi si yosinthitsa kubanki ayi. Amaiwerenga poona kuchuluka kwa zinthu zimene ndalama ingagule m'dziko lililonse. Ndipo saona malipiro a munthu yekha. Amaona zimene banja lonse limadya ndi kugwiritsa ntchito, kuphatikizapo chimanga cha kumunda ndi nthochi za kuseri kwa nyumba, n'kugawa ndi anthu onse a pakhomo.

Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Ndalamazi ndi zongoyerekeza. Bambo amalandira K3,500 pa tsiku ndipo amagwira masiku 6. Pa sabata ndi K21,000. Koma mimba ilibe Lamulungu, anthu amadya masiku onse 7. Tikagawa tipeza K3,000 pa tsiku. Pakhomo pali anthu 6: bambo, mayi, ana atatu ndi agogo. Aliyense wapeza K500. M'menemo muchoke chakudya, chigayo, sopo, makope a kusukulu ndi thiransipoti ya kuchipatala. Bamboyu ali pa ntchito ndithu, sajomba, koma banja lake likhoza kukhalabe pansi pa mzere. Anthu otere ndi amene amatchedwa apantchito osauka, ndipo m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara alipo ochuluka zedi. Kuno ku Malawi kafukufuku wa makomo wa 2019 ndi 2020 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu ndi osauka.

Kuyeza kumathandiza. Mu 2014 akatswiri awiri, Richard Anker ndi Martha Anker, anawerengetsa ndalama zimene banja la kumadera a tiyi limafunika kuti lidye bwino, ligone pabwino ndi kuphunzitsa ana. Anapeza kuti malipiro anali kutali ndi ndalamazo. Mu 2015 kunayambika ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro, ndipo mu 2016 bungwe la eni maesiteti, Tea Association of Malawi, ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro. Malipiro anakwera, koma mitengo ya zinthu nayo sinaime. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo tonse tinaziona pogula shuga ndi mafuta ophikira.

Amayi ndi abambo othyola tiyi, pezani kakope. Tsiku lililonse lembani makilo amene mwapimitsa, ndipo tsiku lolandira mufananize ndi pepala la malipiro. A kalembera akafika pakhomo panu musachite manyazi. Auzeni maola amene munagwiradi, miyezi imene munakhala opanda ntchito, ndi anthu onse amene amadya mphika wanu.