PHUNZIRO: Za Kulumikiza Limana, WhatsApp ndi Facebook

M'maparishi ambiri a arkidayosizi yathu ya Blantyre atsogoleri ali kufunsa funso limodzi: kodi nkwabwino kulumikiza magulu athu a pa WhatsApp ndi tsamba la parishi la pa Facebook, kuti uthenga umodzi uzifika kwa onse nthawi imodzi? Funsoli litikhudza koposa ife a m'boma la Mwanza, pakuti tikhala pa chipata. Mseu wochokera ku Blantyre udzera kwathu kuno, nulowa m'Mozambique pa Zobue, nupitirira ku Tete, ku Harare, mpaka ku Johannesburg. Ndi Limana liti limene liribe mwana kapena bambo kutsidya kwa malire? Iwonso ndi nkhosa za khola lomweli, ndipo foni ndiyo iwamangirira kumudzi. Tsono tiyeni tiphunzire nkhaniyi mwachifatse, tisanatsegule khomo limene tidzalephera kutseka.

1. KODI EKLEZIA ANENA CHIYANI?

Eklezia wathu Woyera saopa zipangizo zofalitsira mau. Papa Pius XI adatsegula Wailesi ya ku Vatican m'chaka cha 1931. Papa Pius XII adalemba kalata yotchedwa Miranda Prorsus m'chaka cha 1957, yonena za kanema ndi wailesi. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chimene chiphunzitsa kuti zipangizozi nzothandiza ngati zigwira nchito motsata lamulo la Mulungu, ndipo kuti udindo suli pa olemba okha ai, koma uli pa owerenga ndi omvera omwe. M'chaka cha 2023 ofesi ya ku Vatican yoona zofalitsa mauthenga idatulutsanso chikalata chonena za masamba a mchezo, ndipo idatsamira pa fanizo la Msamariya wachifundo, kuti Mkristu ali yense azidzifunsa kuti mnansi wake ndani ngakhale pa foni pomwe.

Koma Eklezia yemweyo adatipatsa kale maziko ena. Maepiskopi a AMECEA, pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976, adagwirizana kuti moyo wa Eklezia m'maiko athu ano umangidwe pa timagulu ta Akristu oyandikana. Kuno ku Malawi Ambuye Patrick Kalilombe adalimbikitsa kwambiri nchitoyi ku Lilongwe. Timagulu timeneti nditimene titcha Limana kapena Mphakati. Apa tigwire mfundo yoyamba: Limana ndiye mwini nchito, foni ndi wantchito wake. Wantchito akayamba kulamula mbuye wake, pakhomo pasokonezeka.

2. NYUMBA NDI MSIKA

Facebook idayamba m'chaka cha 2004, WhatsApp m'chaka cha 2009. M'chaka cha 2014 eni ake a Facebook adagula WhatsApp, ndipo kuyambira 2021 kampani yao idziwika ndi dzina loti Meta. Mwini ndi mmodzi, koma zinthu ziwirizi sizifanana.

Gulu la pa WhatsApp liri ngati nyumba. Munthu alowamo poitanidwa, ndipo a m'gululo aona nambala za anzao. Mauthenga ake ayenda otsekedwa, kotero kuti munthu wa panjira sangawawerenge. Koma loko ameneyu ateteza uthenga pa ulendo pokha. Ukafika, ali yense wa m'gulumo angathe kuutumiza kwina, kapena kuujambula monga chithunzi ndi kuuonetsa kwa amene afuna.

Tsamba la pa Facebook liri ngati msika wa pa boma tsiku la manachesi. Wodziwika ndi mlendo, Mkristu ndi wakunja, wogula ndi wakuba, onse adutsa pomwepo, naona zimene mwayala. Ndiponso makina a kampaniyo ndiwo asankha zoti aonetse anthu ambiri, ndipo kawirikawiri akankhira patsogolo nkhani zimene anthu ali kuzikangana kapena kuzigawana kwambiri. Nchifukwa chake mkangano uthamanga kuposa chilengezo cha Misa.

Kulumikiza ziwirizi ndiko kuboola khomo pakati pa nyumba ndi msika. Khomo nlabwino, koma lifunika chitseko ndi mlonda.

3. NJIRA ZA KULUMIKIZA

Njira yoyamba iri m'kati mwa WhatsApp momwe. M'chaka cha 2022 kampaniyo idakhazikitsa chimene itcha Communities, ndiko kuika magulu ambiri pansi pa denga limodzi. Parishi ingathe kusonkhanitsa gulu la akatekisti, la kwaya, la Legio ya Maria, la amai, la abambo, la achinyamata ndi a Malimana, liri lonse ndi zokamba zake, koma onse nkumalandira zolengeza pa malo amodzi pamene oyang'anira okha ndiwo alemba. Njira imeneyi ndiyo yoyenera kuyambira, chifukwa mau a bambo mfumu safotseredwa ndi moni wa m'mawa ndi zithunzi za maluwa.

Njira yachiwiri ndiyo kuika pa tsamba la Facebook batani lotsegula WhatsApp, kuti mlendo wofuna kudziwa nthawi ya Misa kapena za ubatizo alembere parishi. Nambala yake ikhale ya parishi, yosungidwa ku ofesi. Isakhale nambala ya katekisti kapena ya wachinyamata wodziwa foni, pakuti munthu asamuka, akwiya, amwalira, koma parishi ikhalapobe.

Njira yachitatu ndiyo kuika pa Facebook linki yoitanira anthu ku gulu la WhatsApp. Iyi ndiyo yoopsa kuposa zonse, pakuti ifanana ndi kupachika makiyi a nyumba pa mtengo wa pa msika. Ngati mwaichita kale, oyang'anira asinthe linkiyo kuti yakale ife, ndipo atsegule lamulo lakuti wofuna kulowa ayambe wavomerezedwa. M'magulu athu muli nambala zoyamba ndi +265 za kuno, +258 za ku Mozambique ndi +27 za ku South Africa. Nambala yachilendo si tchimo, koma pakhale wina wa m'Limana wonena kuti: uyu ndimdziwa, ndi mwana wa uje.

Njira yachinai ndi dzanja la munthu, wotola za m'nyumba ndi kukazitaya pa msika. Iyi makina sangailetse. Chingailetse ndi chikumbumtima chokha.

4. ZIMENE SIZIYENERA KUTULUKA M'NYUMBA

Choyamba ndi uthenga wa maliro. Makolo athu adali ndi dongosolo: mwini mbumba adziwe, mfumu ya mudzi imve, ndipo atumidwe munthu wamkulu wodziwa kupereka mau olemera. Taganizani za mnyamata amene ali pa nchito ku Johannesburg. Atsegula foni pa nthawi yopuma, naona chithunzi cha mai ake ndi mau a chipepeso ochokera kwa anthu osawadziwa, abale ake asanamuuze kanthu. Wolembayo adaganiza kuti ali kuthandiza, koma walasa mtima wa mwana wamasiye. Madzi akatayika saoleka. Uthenga wa maliro usalembedwe pa gulu kapena pa tsamba mpaka banja litavomereza.

Chachiwiri ndi maina a odwala ndi matenda ao. Kupempherera wodwala ndi nchito ya chifundo, koma matenda ake ndi chinsinsi chake. Funsani wodwalayo kapena omusamala musanalembe dzina.

Chachitatu ndi zithunzi za ana. Tsiku la Ukaristia woyamba ndi la Ulimbitso nlokondweretsa, koma chithunzi chikafika pa Facebook simudziwa amene achisunga. Makolo avomereze poyamba, ndipo musalembe dzina la mwana pamodzi ndi mudzi ndi sukulu yake.

Chachinai ndi mndandanda wa opereka ndi osapereka mtulo kapena masika. Ambuye adayamika mkazi wamasiye amene adaponya tindalama tiwiri. Kodi ife tidzampachika pa msika chifukwa sadafikitse muyeso? Chiwerengero cha zonse pamodzi chilengezedwe, pakuti ndalama za Eklezia ziyenera kuyenda poyera, koma kuchititsa manyazi mmphawi si njira yotolera zopereka.

Chachisanu ndi milandu ya mabanja ndi zokamba za khonsolo ya parishi. Mthenga Wabwino utiphunzitsa kuyamba kudzudzula mbale pa awiri, kenaka ndi mboni, pomaliza pa mpingo. Facebook siiri pa mndandanda umenewo.

5. ZA BODZA NDI ZA AKUBA

Ife a ku Mwanza tidziwa kulemera kwa bodza. M'mwezi wa Meyi 1983 nduna zitatu, Aaron Gadama, Dick Matenje ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa pa mseu wa ku Thambani, ndipo dziko lidauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1994 lidapeza kuti adaphedwa. Tikumbukirenso kalata ya Maepiskopi athu ya pa 8 Malichi 1992, imene idawerengedwa m'matchalichi, niyenda m'manja mwa anthu mpaka dziko lidasintha. Masiku amenewo choona chidali kusowa njira. Lero njira zachuluka, ndipo bodza liyendamonso. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena.

Lamulo la chisanu ndi chitatu la Mulungu liletsa kunamizira ndi kuipitsa mbiri ya mnzathu. Wotumiza bodza la wina asanene kuti ine ndangopatsira ai, pakuti wanyamula nao katundu wa tchimolo, ndipo ali ndi udindo wokonza mbiri imene waiononga, pa malo omwewo pamene adaionongera. WhatsApp iika chizindikiro cha mivi iwiri pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri. Mukachiona, imani. Kuona maso a nkhono nkudekha. Boma nalonso liri ndi malamulo ake: la 2016 lolanga ozunza ndi onyoza anzao pa intaneti, ndi la 2024 loteteza zinsinsi za anthu. Ndipo kuyambira 2018 nambala za foni zilembetsedwa ndi chiphaso, kotero zimene mutumiza zinyamula dzina lanu.

Akuba nawo ali ndi msampha wao. Munthu akalembetsa WhatsApp pa foni yatsopano, kampani itumiza manambala asanu ndi limodzi ku nambala yake. Wakuba aimba mwaulemu, nanena kuti ali kukonza msonkhano wa mapemphero, napempha kuti mumuwerengere manambalawo. Mukampatsa, walanda WhatsApp yanu, nayamba kupempha ndalama m'dzina lanu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Akalanda ya woyang'anira gulu, alowa m'magulu ake onse. Musapatse munthu ali yense manambala amenewo. Oyang'anira onse aike nambala yachinsinsi yachiwiri imene WhatsApp ilola. Ndipo uthenga wopempha ndalama m'dzina la wansembe usamveredwe mpaka mutamva mau ake ndi khutu lanu, kapena chitalengezedwa m'tchalichi.

6. ZIMENE FONI SINGATHE

Wansembe sangakhululukire machimo pa foni. Sakramenti la Kulapa lifuna kuti wolapa ndi wansembe akhale pamodzi. Misa ya pa Radio Maria, pa Luntha TV kapena pa Facebook ndi chitonthozo chachikulu kwa odwala ndi okalamba, koma wamphamvu amene angathe kuyenda sakwaniritsa nayo lamulo la tsiku la Mulungu.

Tisaiwalenso amene alibe foni, kapena ali nayo koma alibe ya bandulo, kapena sadziwa kuwerenga. Ambiri mwa iwo ndi agogo amene adaumba njerwa za matchalichi athu. Tikasamutsira zonse pa foni, tawachotsa mu Limana popanda mlandu. Chilengezo chiri chonse cha pa foni chinenedwenso ndi pakamwa pa tsiku la Mulungu ndi pa Limana, ndipo pakhale wina wochinyamula ndi mapazi kunka kwa osayenda.

7. MALANGIZO KWA AKATEKISTI

Nkhanga zidapangana kusanapse. Musanalumikize kanthu, khalani pansi ndi bambo mfumu ndi khonsolo, mugwirizane izi. Gulu ndi tsamba liri lonse lotchedwa ndi dzina la parishi likhale ndi chilolezo cha bambo mfumu. Oyang'anira akhale awiri kapena atatu, mmodzi wachikulire, wina wodziwa foni. Chochoka m'gulu kunka pa Facebook chidzere kwa oyang'anirawo. Malamulo alembedwe mwachidule, nawerengedwe pa Limana. Wolakwa alangizidwe payekha asanachotsedwe. Ndipo pa nthawi ya Limana mafoni akhale chete, kupatula ya wowerenga Mau a Mulungu.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA LIMANA

1. Kodi kusiyana kwa gulu la WhatsApp ndi tsamba la Facebook nkotani?
2. Ndani ayenera kuvomereza uthenga wa maliro usanalembedwe?
3. Mkristu amene watumiza bodza achite chiyani kuti akonze tchimo lake?
4. Tchulani a m'Limana mwanu amene alibe foni. Ndani adzawafikira sabata ino?

Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adamwalira m'chaka cha 2006 ali ndi zaka 15, adagwiritsa nchito kompyuta pofalitsa chikondi cha Ukaristia, ndipo Papa Leo XIV adamlemba m'gulu la Oyera m'chaka cha 2025. Atipempherere, kuti zala zathu zilembe zokhazo zimene tingathe kuzinena pamaso pa mnzathu ndi pamaso pa Mulungu.