Malangizo: Uthenga wa Malonda Upite kwa Woufuna

Pa Malangizo lero nkhani ndi ya ochita malonda pa Facebook ndi WhatsApp.

Mayi wogulitsa zitenje ndi nsapato za ana ku Limbe akhoza kukhala ndi omutsatira ambiri patsamba lake, koma si onse ofuna katundu mmodzimodzi. Akamatumiza zithunzi za nsapato za sukulu kwa aliyense, wopanda mwana amatopa nazo n'kutseka nambala ya WhatsApp ya mayiyo.

WhatsApp Business, yomwe inayamba mu 2018, imalola wamalonda kugawa makasitomala ndi ma label: ogula zitenje paokha, makolo paokha, angongole paokha. Mndandanda umodzi wa broadcast umatenga anthu osapitirira 256, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumiza m'foni mwawo. N'chifukwa chake wamalonda wochenjera amapempha kasitomala kusunga nambalayo pomwe akumupatsa chenji.

Nthawi nayo ndi yofunika. Nsapato zimayenda malonda sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira mu Seputembala, pomwe zitenje zimagulidwa kwambiri mwezi ukatha, anthu atalandira malipiro. Uthengawo ukhale waufupi: chithunzi chimodzi, mtengo ndi njira yolipirira, kaya Airtel Money kapena Mpamba. Kasitomala akanena kuti mauthenga amukwana, achotsedwe pamndandanda tsiku lomwelo.