Zilembo za Imelo Zikachepa, Zikulitseni

Mwana wanu ali ku Tete kapena ku Chipata, ndipo wakulemberani imelo. Mwatsegula foni, koma zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Mwaiyandikitsa kumaso, mwaitalikitsa, osaona kanthu. Musafulumire kunena kuti maso atha, kapena kuti kuwerenga kwakukanikani. Zilembozo zimatheka kukula.

Mafoni ambiri a Android, monga Itel ndi Tecno amene timawaona ku Fingoé, ku Chiputo ndi ku Malowera, amabwera ndi Gmail. Imeneyi ndi pulogalamu ya makalata ya kampani ya Google, ndipo inayamba mu 2004. Kalata imasungidwa pa makompyuta a kampaniyo. Ntchito ya foni ndi kungoionetsa pagalasi. N'chifukwa chake mukakulitsa zilembo, mawu a kalatayo sasintha. Amene anakulemberani sadziwa n'komwe kuti mwasintha kanthu.

Gmail ya pa foni imatsatira kukula kwa zilembo za foni yonse, choncho poyambira ndi pa foni penipenipo. Funani kachizindikiro kooneka ngati giya ya njinga, kozungulira ndi mano m'mbali. Pansi pake pamalembedwa Definições, mafoni ena amati Configurações. Dinani pamenepo, kenaka pa Ecrã kapena Tela. Mupeza mawu akuti Tamanho da fonte, mwinanso Tamanho do tipo de letra. Mawuwa amasiyana malinga ndi foni, koma tamanho ndi kukula. Pali mzere wokhala ndi kadontho. Kokerani kadonthoko kumanja, zilembo zikula inu mukuona. Musakulitse mpaka kumapeto tsiku loyamba, chifukwa mawu amodzi amatha kudzaza mzere wonse, ndiye chala chimatopa ndi kukankha tsamba.

Makalata ena, makamaka a kumaofesi okhala ndi zithunzi, amauma mutu. Amenewo ikani zala ziwiri pagalasi n'kuzitambasula, malowo akula.

Tsopano lowani mu Gmail. Pamwamba kumanzere pali timizere titatu. Dinani, tsikani mpaka pa Definições, kenaka Definições gerais. Pa mawu akuti Tema mungasankhe Claro, tsamba loyera la zilembo zakuda, kapena Escuro, tsamba lakuda la zilembo zoyera. Lakuda silithobwa m'maso usiku. Masana kumunda kapena pamsika, loyera ndiye limawerengeka bwino. Ena amati lakuda limasunga moto, komatu pa mafoni ambiri otchipa kusiyana kwake n'kochepa. Chimene chimadya batire kwambiri ndi kuwala kwa galasi, kumene foni imakutcha Brilho. Inu amene mumatchajira pa sola, chepetsani kumeneko mukakhala m'nyumba.

Zithunzi za m'makalata zimadya mamega, kaya muli pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Mu Definições ya mu Gmail momwemo dinani adiresi yanu ya imelo, funani Imagens, musankhe kuti foni izikufunsani isanatsegule zithunzi.

Kuti muzolowere, khalani anthu awiri ndi foni imodzi. Wina akulitse zilembo, mnzake awerenge kalata mokweza, kenaka musinthane. Mukasochera, dinani kobwerera m'mbuyo. Palibe kalata imene ifufutike.