Mivi ya Timipeni Totseguka: Makalata a Alenje a Uta ndi Mayankho Ake

MUULUTSI: Madzulo ano tili ndi mlendo wathu wodziwa za uta ndi mivi, ndipo makalata aunjikana pathebulo. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kwathu konkuno amene tsopano akugwira ntchito ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America. Akuti anzawo a kuntchito awaitana ku uzimba wa nswala za mchira woyera, zimene eni dziko amati white-tailed deer, nyengo ya alenje a uta ikatsegulidwa pa 1 Okutobala. Koma atalowa m'sitolo anapeza nsonga za mivi za mitundu iwiri, zina za timipeni tokhazikika ndi zina za timipeni topindika, ndipo wogulitsa anatama zopindikazo koposa. Akufunsa kuti, kodi amkhulupirire?

KATSWIRI: Zikomo, bambo muulutsi, ndipo ndikuthokozanso bambo athu a ku Indiana, pakuti safunsa anadya phula. Nsonga imene wogulitsayo anakutamirani, imene kumeneko amaitcha mechanical broadhead, ili ndi timipeni tiwiri kapena titatu togona m'mbali mwa thunthu lake, togwidwa ndi kamphira, kapena kakolala ka pulasitiki, kapena kasipuling'i, kotero kuti muvi ukamauluka umakhala wowonda ngati wopanda mpeni, ndipo timipenito timatambasuka pokhapokha nsonga itagunda chikopa cha nyama. Pa zina, monga Spitfire ya kampani ya New Archery Products, timipeni timayang'ana kutsogolo ndi kupidigukira kumbuyo potseguka. Pa zina, monga Rage, timatsetserekera kumbuyo ndi kutambasuka muvi usanalowe, ndipo chifukwa chake bala la polowera limakhala lalikulu.

Chimene chinabala luso limeneli ndi liwiro. Chiyambire pamene Holless Wilbur Allen wa ku Missouri analandira chikalata cha umwini wa uta wa timagudumu m'chaka cha 1969, mauta akhala akuonjezera mphamvu kufikira muvi uthamanga mamita 90 pa sekondi imodzi. Ndipo pa liwiro lotere, timipeni tokhazikika timagwira mphepo kutsogolo monga nthenga zimaigwira kumbuyo, motero kuti uta ukakhala wosakonzeka bwino, mutu ndi mchira wa muvi zimalimbirana utsogoleri, muvi ndi kupatuka. Nsonga yopindika ilibe vuto limenelo kwenikweni, ndiponso imacheka bala la mainchesi awiri, ndiwo masentimita asanu, pamene yokhazikika icheka inchi imodzi ndi pang'ono. Zonsezi wogulitsa ananena zoona. Chimene sanakuuzeni ndi chakuti walira mvula walira matope: mphamvu yotsegulira timipeni, ndi mphamvu yokankhira mpeni wotambalala chotero pakati pa nthiti, zonse zimachotsedwa pa mphamvu imodzimodziyo imene ikanapyoza nyama kufikira kutulukira kuseri. Chifukwa chake musakhulupirire wogulitsa, ndiponso musakhulupirire ine, mpaka mutaiyesa nsongayo pa uta wanu womwe.

MUULUTSI: Kalata yachiwiri ikulowa pomwepo. Mayi wina wa ku Michigan akuti uta wawo ndi wa mapaundi 40, pafupifupi makilogalamu 18 pokoka, ndipo aonera makanema ambiri pa intaneti a anthu olasa chinthu choundana choonekera mkati chotchedwa ballistic gel, bala ndi kuoneka lalikulu lochititsa nthumanzi. Akufunsa ngati kumeneko ndiko kuyesa koyenera, ndipo ngati sikutero, ayese bwanji.

KATSWIRI: Mayi, funso lanu ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo mundilole ndikhalepo nthawi. Choundanacho anachipangira zipolopolo za mfuti, kuti ofufuza aone mmene chipolopolo chimaphwanyira mnofu. Koma muvi ukalowamo, icho chimaukakamira thunthu lonse ndi kuugwira, pamene m'thupi la nyama yamoyo mwazi ndi mafuta zimaterereka, ndipo mnofu wochekedwa umadzikoka ndi kupatukira muvi. Mulibe ubweya m'menemo, mulibe chikopa, mulibe nthiti. Chimakuonetsani kuti timipeni tatseguka ndi pamene tatsegukira, ndipo ntchito yake ithera pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyesa koona kumayamba muvi usanachoke pa uta. Mangani nsonga pa muvi, muuzunguze pa timagudumu toyesera kapena muuimike pa nsonga yake pathebulo ndi kuuzunguza. Ngati mutu ukugwedera, ndiye kuti nsonga ndi thunthu sizili pa mzere umodzi, ndipo muvi wotere sudzapita kumene mwauloza. Yezaninso kulemera kwake pa sikelo yaing'ono, pakuti nsonga zambiri zimalembedwa kuti ndi za magireni 100 kapena 125, ndipo magireni 100 ndi magalamu asanu ndi limodzi ndi theka. Zitatu za m'paketi imodzi ziyenera kufanana. Kenaka lasani chandamale pa mayadi 20, 30 ndi 40, muvi wa nsonga yophunzirira ndi wa nsonga yosakira mosinthanasinthana, zolemera mofanana, pa uta umodzi, tsiku limodzi, popeza liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ikakhala kuti sikugwera pamodzi, cholakwa chili pa uta kawirikawiri, ndipo apa ndidandaule poyera: alenje ambiri amagula nsonga yopindika kuti ibise uta wosakonzeka, osadziwa kuti muvi wochoka mokhota umafikanso mokhota, ndipo umataya mphamvu yake m'mbali pa nthawi imene ifunika yonse kutsogolo.

Mukatero, imikani pepala lotambasulidwa pa felemu mamita angapo patsogolo pa chandamale, ndipo mulase kupyola pepalalo. Boo lozungulira laling'ono ndi mizere ya nthenga likuuzani kuti timipeni tinali titagona. Boo long'ambika motambalala likuuzani kuti tinatseguka m'njira, ndipo nsonga yotere siyenera kuloza chamoyo. Ikani pepala lina pa nkhope ya chandamale chenichenicho, ndipo lidzakuonetsani kukula kwa bala la polowera.

Tsopano tifike pa fupa, pamene nsonga zambiri zokongola zimachitira manyazi. Pitani ku butchala, mupemphe nthiti ndi fupa la phewa zaziwisi za nkhosa kapena za nkhumba, ndi chikopa chaubweya ngati chipezeka. Zaziwisi ndithu, chifukwa fupa louma limasweka mwa mtundu wina. Zimangirireni pa chandamale, chikopa pamwamba, ndipo musalase molunjika mokha, pakuti nswala siimirira chopingasa kukudikirani, ndipo mlenje wa kumeneko nthawi zambiri amakhala pa kampando m'mwamba mwa mtengo, muvi ndi kutsikira pansi mopendekera. Pendeketsani fupa, kapena thabwa la pulayiwudi, ndipo muone ngati nsonga ikuluma ndi kulowa, kapena kampeni kamodzi kakuyamba kugunda ndi kukhotetsa muvi wonse, chimene ndi chilema chodziwika cha nsonga zopidigukira kumbuyo. Mukazula muvi, yang'anani zitatu: ngati timipeni tapindika kapena kuthyoka, ngati thunthu la nsonga lakhota, pakuti la aluminiyamu limagonja msanga kuposa la chitsulo, ndiponso ngati mpeni ukadali wakuthwa. Kuthwa kwa m'paketi sindiko kumapha. Kumapha ndi kuthwa kotsala mpeni utapyola ubweya wamatope ndi nthiti. Kungani timphira tambiri pa felemu ndi kukankha nsonga pakati pake pang'onopang'ono: mpeni wakuthwa udzatidula, wobuntha udzatikankhira pambali, ndipo momwemonso udzachitira mitsempha ya mwazi.

Ndipo kwa inu makamaka, mayi, ndinene mosapsatira, kuti pa uta wa mapaundi 40 ine sindingakupatseni nsonga yotseguka mainchesi awiri. Tengani yokhazikika ya timipeni tiwiri, yocheka kuyambira kunsonga kwenikweni, pa muvi wolemerako. Bala lopapatiza lopyoza mapapo onse awiri ndi kutulukira kuseri limagwetsa nswala pafupi, ndipo boo la m'munsi limasiya mwazi pansi woti muulondole. Bala lotambalala loima pakati pa chifuwa, phapo limodzi lokha litalasidwa, limatuma nyama kukafera kutali m'zowawa, kumene simudzaipeza.

MUULUTSI: Nayi yochokera ku Durban, kwa mnyamata wogwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire. Akuti mabwana ake amatchula dzina la Ashby kawirikawiri, ndipo amanyoza nsonga zotseguka. Koma mlendo wina wa ku America anawatsutsa, nati kafukufuku anaonetsa kuti zotsegukazo ndizo zimapulumutsa nyama ku imfa yozunzika. Woona ndani?

KATSWIRI: Mwana wanga, onse awiri agwira mbali ya choonadi. Dokotala Ed Ashby, Mmereka, anachita kafukufuku wake woyamba kufupi ndi kwanuko, ku nkhalango ya Mkuzi, m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi bungwe la Natal Parks Board limene linafuna kudziwa ngati uta uli chida choyenera kusakira. Pambuyo pake anapitiriza pa njati za ku Australia. Iye analasa nyama zenizeni, zambiri zitangophedwa kumene, nalemba za muvi uliwonse; ndipo anapeza kuti choyamba pa zonse ndi kulimba kwa muvi, kuti usapindike kapena kuthyoka, chachiwiri kuuluka kowongoka, ndiponso kuti muvi wolemera magireni 650, ndiwo magalamu 42, wa nsonga yaitali yopapatiza ya timipeni tiwiri, ndiwo umaswa fupa lalikulu modalirika. Pa nyumbu, mbidzi ndi njati, mabwana anu akunena zanzeru, ndipo muwamvere.

Koma mlendoyo anali kunena za kafukufuku wina, wa ku malo a asilikali a pamadzi ku Indian Head m'chigawo cha Maryland, kumene Andy Pedersen ndi anzake anasonkhanitsa zolembedwa za uzimba wa uta kuyambira 1989 kufikira 2012, za nswala zolasidwa zoposa 1,200. Nsonga zotseguka zinaloledwa kumeneko kuyambira 2007. Anapeza kuti pa nswala 100 zilizonse zolasidwa ndi nsonga zokhazikika, pafupifupi 82 zinapezedwa, pamene pa zolasidwa ndi zotseguka zinapezedwa pafupifupi 91. Chiwerengero chimenechi sindichipeputsa, pakuti chinachokera m'tchire, ndipo chikugwirizana ndi nzeru: nswala ya mchira woyera ndi ya nthiti zopyapyala, ndipo muvi ukalakwa pang'ono ndi kugwera kumbuyo, ku chiwindi kapena kumatumbo, bala lotambalala limafupikitsa kuzunzika. Komabe kumbukirani kuti alenje a kumeneko anayenera kupambana mayeso a kulasa asanaloledwe, kuti ankalasa pafupi, kawirikawiri osafika mayadi 20, ndiponso kuti nsonga zotseguka zinabwera m'zaka zotsiriza, mauta atakula mphamvu. Ashby anafunsa za muvi wogunda fupa lalikulu, pamene a ku Maryland anawerenga nswala zimene zinafika kunyumba. Ndipo mlenje wa uta wa mapaundi 60 kapena 70, wosaka nswala pafupi, angathe kutenga nsonga yotseguka yolimba ndi mtima woyera, malinga waiyesa monga ndafotokozera mayi aja.

MUULUTSI: Bambo wina wa ku Leeds ku Britain akuti kumeneko nswala zachuluka, ndipo akufuna kuyesa nsongazi pa izo.

KATSWIRI: Ayi, bambo, musayese n'komwe. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kusaka nyama iliyonse ndi uta m'dzikomo. Uta wanu ukhale wa chandamale. Ngakhale ku America komweko malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo: zigawo zambiri zimafuna kuti nsonga isachepere masentimita awiri ndi pang'ono m'lifupi, New York imaletsa nsonga zokhala ndi ngowe zokaniza muvi kuzuka, ndipo Idaho inakana nsonga zotseguka kufikira 2022, pamene zigawo zina zonse zinali zitazilola kale. Bambo athu a ku Indiana awerenge kabuku ka malamulo ka chaka chino asanalowe m'tchire.

MUULUTSI: Yotsiriza ndi ya agogo athu a ku Chikwawa, yolembedwa ndi mdzukulu wawo. Akuti makolo awo ankapha ngakhale njati ndi kamuvi ka bango, ndipo akudabwa kuti Azungu akuvutikiranji ndi timipeni.

KATSWIRI: Agogo, ndikuwombereni m'manja, pakuti mwakhudza pamene pagona kusiyana konse. Muvi wa makolo a m'chigwa cha Shire sunadalire kukula kwa bala, koma ulembe wa kombe wopakidwa kumbuyo kwa nsonga, umene umaimitsa mtima. Ndipo John Kirk, amene anayenda ndi Livingstone m'chigwa chimenecho, anatumiza mbewu yakeyo ku Britain, kumene madokotala anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Kamuvi kaulembe kankangofunika kulowa pang'ono. Mlenje wa ku America, m'zigawo pafupifupi zonse, saloledwa ulembe, ndipo nswala yake imafa ndi kutaya mwazi kokha. Motero ntchito yonse imene kombe ankagwira yasenzedwa pa mpeni. Ndicho chifukwa chake nsonga imene yalasa fupa poyesa siyenera kubwerera m'phodo: ya ku uzimba ikhale ina ya mtundu womwewo, ya timipeni tatsopano ndi kamphira katsopano, pakuti mphira wogonera chaka amauma ndi kuduka. Ndipo muvi ukapyoza mapapo, mlenje akhale pansi theka la ola asanatsate mwazi. Ukagwera kumatumbo, adikire maola asanu ndi atatu kapena usiku wonse, chifukwa nswala yosathamangitsidwa imagona pafupi, pamene yodzidzimutsidwa imadzuka ndi kupita kutali.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, omvera. Makalata otsala tidzawawerenga sabata yamawa pa nthawi yomweyi.