Kompressor Yodontha Oyilo

Kalata yalero yachokera kwa bambo ena a ku Zomba. Akuti Mercedes-Benz C200 Kompressor yawo ikumanjenjemera ikaima, kwinaku ikudontha oyilo.

Injini ya M271, yomwe inayamba kuikidwa m'magalimoto a mtunduwu mu 2002, ili ndi matenda awiri odziwika. Kapaipi ka labala kopumira injini, kobisika pafupi ndi supercharger, kamang'ambika kakakalamba, ndiye mpweya wosayezedwa umalowa, injini n'kumanjenjemera. Choopsa kwambiri ndi maginito a camshaft kutsogolo kwa injini. Oyilo amadutsa m'mapulagi ake n'kuyenda m'mawaya mpaka kukafika pa kompyuta ya galimoto, chipangizo chodula zedi.

Bambowa apemphe amakaniko azule mapulagiwo. Akapezamo oyilo, asinthe maginitowo msangamsanga, atsukenso mawaya. Aonenso ngati lamba wozunguza supercharger wanyowa ndi oyilo, chifukwa akanyowa amaterereka, galimoto n'kuchepa mphamvu pokwera mtunda.