Njira za wapansi za kwa Nankumba ndi malo ake m'ndondomeko ya chitukuko

Anthu a m'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Nankumba akakhala pansi kuti alembe zimene akufuna pa chitukuko, zoyamba kutchulidwa zimakhala mjigo, mdadada wa sukulu, mlatho ndi chipatala chaching'ono. Njira ya wapansi siitchulidwa kawirikawiri. Komabe m'dera lino la boma la Mangochi muli midzi imene galimoto silifikako, ndipo tsiku limene mwera wakalipa, mabwato onse atakokeredwa kumtunda, njira ya m'phiri ndi yokhayo imene imatsala kwa wodwala, kwa mwana wasukulu ndi kwa mayi wosenza dengu la usipa. Phunziro ili likufotokoza kumene njirazi zimadutsa, chimene chimaziwononga, ndi mmene mudzi ungazilowetsere m'ndondomeko yake ya chitukuko.

Kumene njira zimadutsa

Dziko la Nankumba ndi mtunda umene unalowa m'nyanja ya Malawi n'kugawa chigawo chake chakumwera kukhala nthambi ziwiri. Kumapeto kwa mtundawu kuli mapiri a miyala, nkhalango ya miombo, ndi magombe a mchenga obisala pakati pa matanthwe. M'chaka cha 1980 boma linakhazikitsa pano paki ya Lake Malawi National Park, yokula pafupifupi masikweya kilomita 94, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale inatsala mozunguliridwa ndi pakiyi. Ndiye kuti munthu wa m'midzi imeneyi akangotuluka kuseri kwa nyumba zomaliza, phazi lake limaponda m'malo otetezedwa.

Njira yofewa kuposa zonse ndi yochokera pa Chembe kulowera ku Otter Point. Imatsata gombe, ndipo ngakhale nkhalamba imayendamo bwinobwino. M'mbali mwake muli milambe ndi mikuyu, nkhwazi zimalira m'mitengo yoweramira pamadzi, ndipo kutsogolo kumaoneka chilumba cha Thumbi. Kumapeto kwake madzi ndi oyera mbee, mwakuti munthu ataima pathanthwe amaona mbuna zikusewera pansi. Dzina la malowa linachokera kwa akatumbu, ngakhale kuti wowaona amakhala wolawirira ndiponso wamwayi.

Chakumtunda kwa njirayi, m'tsinde mwa phiri, kuli manda a amishoni. Ambiri obadwira pa Chembe amawadziwa ngati malo ongopitako azungu, chikhalirecho mbiri yake ndi ya dziko lonse lino. David Livingstone anadutsa pano pa bwato mu 1861 natcha malowa Cape Maclear, pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu Okutobala 1875 gulu la amishoni a ku Scotland lotsogozedwa ndi E. D. Young, limodzi ndi Robert Laws, linafika pa sitima ya Ilala n'kumanga pano mishoni ya Livingstonia. Malungo sanawapatse mpata. Dokotala William Black anamwalira mu 1877, ena anatsatira, ndipo mu 1881, chaka chimene Albert Namalambe anakhala munthu woyamba kubatizidwa pamishoniyi, likulu linasamutsidwira ku Bandawe. Mwana wa sitandade 6 amene amaloweza zimenezi m'kalasi atha kukaziona ndi maso ake pa ulendo wosakwana m'mawa umodzi.

Njira zina zimachoka pagombe n'kukwera. Zimayamba pang'onopang'ono pakati pa mitengo ya mombo ndi mgoza, kenaka zimalowa m'miyala momwe mbira zimaothera dzuwa ndipo anyani amakhala m'magulu akuluakulu. Wamaso akuthwa amaona chinkhoma chitaima pansonga pa mwala. Pamwamba pake nyanja imaoneka mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi zilumba za Domwe ndi Mumbo. Palinso njira zolumikiza mudzi ndi mudzi: ya ku Msaka, kumene matandala a usipa amadzaza gombe, ndi za mbali ya ku Monkey Bay zopita ku Mvunguti ndi ku Zambo. Izi sizinalambulidwe ndi cholinga chosangalatsa alendo. Zinapondedwa ndi asodzi, ogula nsomba ndi amayi otola nkhuni, alendo anangozipeza zilipo kale.

Woyenda pa msewu wa makilomita pafupifupi 18 wolowera ku Chembe amadutsanso pafupi ndi Mwala wa Mphini, umene mizere yake imafanana ndi mphini zotemedwa pakhungu. Akatswiri a miyala amati mizereyo inadza ndi kusweka ndi kuperepeseka kwa mwalawo kwa zaka zosawerengeka. Boma linauika m'gulu la malo a mbiri otetezedwa.

Chimene chimapha njira

Njira ya m'phiri siwonongeka ndi mapazi okha. Mdani wake wamkulu ndi madzi a mvula, ndipo mmene amagwirira ntchito yake n'zoyenera kuzimvetsa bwino. Anthu akamaponda malo amodzi, udzu umafa, dothi limatsendereka, ndipo njirayo imakhala yotsikirapo pang'ono kuyerekeza ndi m'mbali mwake. Mvula ya pakati pa Disembala ndi Malichi ikagwa, madzi amafuna potsika, choncho amalowa m'njiramo n'kuisandutsa ngalande. Dothi la m'mapiri amenewa ndi losaya ndiponso lamchenga, silichedwa kukokoloka. Chaka choyamba pamangooneka kamzere. Chaka chachiwiri ndi chigwembe chofika m'mawondo. Apa oyenda amayamba kulambalala m'mbali, n'kutsegula njira yachiwiri, imenenso imatsata tsoka la inzake. Dothi lonselo limathera m'nyanja, kumene limakwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Chigwembe cha kuphiri chimafika mpaka pa chakudya cha nsomba zimene zinachititsa kuti dziko lonse lidziwe dera lino.

Mankhwala ake safuna simenti. Pamalo otsetsereka, mzere wa miyala woyalidwa mopendekera modutsa njira umapatutsa madzi kuti atayikire m'tchire asanapeze mphamvu. Pamene phiri laima kwambiri, mizereyi iyenera kuyandikana. Njira yokhotakhota imakhalitsa kuposa yolunjika, ndipo chidule chimene achinyamata amakonda kudulira pakhota ndicho chimayambitsa chigwembe chatsopano. M'chigwembe chimene chayamba kale, timipanda ta miyala timagwira dothi mpaka dzenjelo litadzaza. Kunja kwa paki, m'mbali mwa minda, udzu wa vetiva umathandiza kumanga nthaka. Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi Okutobala ndi Novembala, mvula isanayambe, ndipo mu Epulo pamafunika kuyenderanso kuti aone pamene madzi anaswa.

Moto wolusa ndi mdani wachiwiri. Kuyambira Ogasiti tchire limakhala louma gwa, ndipo moto wa osaka mbewa kapena wa ofula njuchi umasiya phiri lili mbulanda. Mvula yoyamba ikapeza nthaka yopanda chofunda, imakokolola m'tsiku limodzi dothi limene likanatenga chaka chonse.

Chachitatu chimachitika pagombe, ndipo n'chovuta kuchikamba chifukwa chimakhudza ndalama. Malo ogona alendo abweretsa ntchito, palibe angakane. Koma malo a m'mbali mwa nyanja akamagawidwa popanda wina kukumbutsa kuti apa pamadutsa njira ya kudooko, mpanda umamangidwa, ndipo mayi amene ankatunga madzi pafupi amayamba kuzungulira. Mu 2024, pamene madzi a nyanja anakwera kwambiri n'kumiza magombe ambiri m'boma la Mangochi, zinaoneka poyera kuti kungoyenda pamchenga si njira yodalirika: madzi akafika pampanda, wapansi amasowa podutsa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo m'midzi. Njira za kudooko, kumanda ndi kusukulu ziyenera kudziwika kwa makomiti amenewa ndi kwa mafumu malo asanaperekedwe, chifukwa kugwetsa mpanda womangidwa kale ndi mlandu wautali.

Malamulo a m'paki

Gawo lalikulu la njirazi lili m'manja mwa Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, motsatira lamulo la 1992 limene linakonzedwanso mu 2017. Mudzi sungangotenga makasu n'kukalambula njira m'paki popanda kugwirizana ndi akuluakulu a pakiyo, ngakhale cholinga chitakhala chabwino. Nkhuni zololedwa kutola ndi zouma, ndipo pamafunika chilolezo. Kutcha misampha, kudula mitengo yaiwisi ndi kuyatsa moto ndi milandu. M'madzi, mtunda wa mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi woletsedwa kuphamo nsomba. Kudyetsa anyani kumaoneka ngati chifundo, koma nyani wozolowera chakudya cha anthu ndiye amadzalanda mwana chimanga m'manja. Ndipo woyenda amene watopa ndi dzuwa akumbukire kuti m'madzi odekha a pafupi ndi midzi mumapezeka likodzo.

Phindu la mlendo woyenda pansi

Alendo ambiri amabwera ku Cape Maclear chifukwa cha madzi: kusambira, kupalasa timabwato, kuona nsomba. Njira yosamalika imawapatsa chifukwa chogonera usiku wina. Usiku umenewo ndi ndalama kwa mwini malo ogona, kwa wophika, kwa wogulitsa zosemasema, makamakanso kwa wachinyamata wolondolera alendo. Wolondolera amene amadziwa dzina la mtengo uliwonse, ntchito yake pa mankhwala, ndi chaka chimene Ilala inafika, amaposa kutali amene amangoti "tiyeni uku". Nzeru zoterezi zili ndi agogo a m'midzi momwemu, ndipo sizilira ndalama kuti wachinyamata azitape.

Kulowetsa njira m'ndondomeko

Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, chitukuko chimayambira kumudzi. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, imalemba zofuna za anthu. Izi zimapita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, kenaka ku khonsolo, kumene zimalowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Khansala wa wodi ndiye amaziyankhulira m'misonkhano ya khonsolo. Chimene sichinalembedwe kumudzi n'chovuta kuti chipezeke m'bajeti.

Pempho longoti "tikufuna njira ikonzedwe" silipita patali. Lomveka ndi limene likutchula kumene njirayo ikuyambira ndi kumene ikuthera, midzi imene imaigwiritsa ntchito, malo enieni amene pali chigwembe kapena mpanda, ndiponso ngati gawolo lili m'paki kapena kunja kwake. Litchulenso chimene mudzi uchite wokha, monga kututa miyala, ndi chimene ukupempha, monga zipangizo, zikwangwani ndi mlangizi woonetsa mayalidwe a miyalayo. Komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi ndi komiti ya pagombe ya asodzi zikhalepo pokambirana, ndipo ngati njirayo ikudutsa m'paki, woimira ofesi ya paki aitanidwe kuyambira pa msonkhano woyamba.